Kuchoka pa mota kufika pa chigayo: kasankhidwe ndi kamangidwe ka mapule, malamba ndi tcheni

Chaka china mota ya chigayo changa ku Mchengautuwa, mu Mzuzu, inapsa nthawi yokolola, pamene amayi amafika ndi mabeseni a chimanga kusanache. Ndinathamangira m'tauni ndipo ndinapeza munthu akugulitsa mota yogwirapo kale ntchito, ya makilowati 15, ngati yanga yomwe ija. Maso anga anangoona 15 basi, ndalama n'kupereka. Pule yakale, gudumu lomwe lamba amayendapo, inalowa pa shafti yake ngati inabadwira pomwepo. Titayatsa, chigayo chinayamba kulira mwachizolowezi, koma m'malo mokhazikika chinangopitirira kukwera mpaka malata a denga anayamba kunjenjemera. Malamba anatulutsa utsi, amayi anathawira panja, ndipo mwamwayi sitata inadula yokha magetsi. Bambo wina wachikulire wokonza zigayo atabwera, sanagwire sipanala. Anapukuta kapuleti ka mota ndi chala, n'kundifunsa kuti, "Aphwanga, apa munawerengapo?" Panalembedwa 2,900. Mota yanga yopsa ija inali ya 1,450.

Choncho malangizo awa akuyambira pa kuwerenga ndi kuyeza. Sipanala ibwera pambuyo.

Choyamba, dziwani liwiro la mbali zonse ziwiri

Pa makina aliwonse otere pali shafti yopereka mphamvu, ya mota kapena injini, ndi shafti yolandira, ya chigayo, pampu, macheka kapena makina opunthira mpunga. Iliyonse ili ndi liwiro lake. Pa kapuleti ka chitsulo kokhomedwa pa mota yang'anani pamene alemba rpm, kutanthauza kuti shafti imazungulira kangati pa mphindi imodzi. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, ndiye mota zambiri zomwe mungapeze zili m'magulu awiri: zozungulira pafupifupi 1,450 ndi zozungulira pafupifupi 2,900. Ziliponso za 960, koma sizichuluka. Kunja zimafanana kwambiri, ndipo nthawi zina ngakhale shafti yake imakhala yofanana kunenepa, n'chifukwa chake ine ndinagwa m'mbuna. Injini za dizilo za silinda imodzi zochokera ku China, zija zili m'zigayo zambiri kumidzi, kawirikawiri zimalembedwa 2,000 kapena 2,200.

Lembaninso mphamvu yake. Ena amalemba kW, ena hp. Hp imodzi ndi pafupifupi 0.75 kW, ndiye mota ya 15 kW ndi yomwe amisiri amaitchula kuti ya 20.

Kenako pezani liwiro lomwe makina olandira amafuna. Likhoza kukhala pa kapuleti kake kapena m'kabuku kake. Ngati ndi chigayo chopangidwa ndi owotcherera akwathu konkuno, funsani amene anachipanga, kapena pitani kwa mnzanu amene ali ndi chofanana nacho chomwe chikugaya bwino, muwerenge mota yake ndi kuyeza mapule ake onse awiri. Musaganizire. Chigayo chochedwa chimatsamwa, ufa umatuluka mwaulesi ndipo magetsi amangotha. Chothamanga mopyola chimatha maberingi, ndipo hamala ya m'kati mwa chigayo ikathothoka pa liwiro lotero imatha kuboola chitsulo n'kuvulaza munthu.

Chachiwiri, sankhani cholumikizira

Njira zodziwika ndi zinayi, ndipo chomwe chimasankha ndi kakhalidwe ka mashafti anu.

Ngati mashafti awiriwo ayang'anizana mutu ndi mutu pa mzere umodzi ndipo akufunika liwiro limodzi, monga pampu ya madzi ya 2,900 pa mota ya 2,900, ikani kapulingi, cholumikiza nsonga za mashafti awiriwo, basi. Palibe chifukwa cha lamba.

Ngati ali pambali ndi pambali, motalikirana, ndipo akuthamanga kwambiri, lamba ndiye mwini ntchito. Safuna oilo, sachita phokoso, n'ngotsika mtengo, ndipo ali ndi khalidwe limodzi lomwe ine ndimalikonda kuposa onse: chigayo chikameza mwala kapena chitsulo n'kuima mwadzidzidzi, lamba amaterereka n'kulira, mota n'kupulumuka. Kuli bwino kugula lamba kusiyana ndi kukakulungitsa mota.

Tcheni ndi cha ntchito zoyenda pang'onopang'ono koma zolemera, kapena pamene simukufuna kuterereka ngakhale pang'ono. Pa chigayo chozungulira ka 3,000 musachiyese n'komwe. Tcheni chimafuna oilo, ndipo oilo akasakanikirana ndi fumbi la mgaiwa amasanduka phala lomwe limadya zitsulo.

Magiya ndi a pamene mashafti ali pafupi kwambiri, kapena pamene mukufuna kutsitsa liwiro kwambiri m'malo ochepa, kapena kukhotetsa mphamvu kuti ipite cham'mbali. Awa sitipanga pakhomo. Mumagula giyabokosi yathunthu, yolembedwa kale kuti imatsitsa motani, monga 20:1, ndipo ntchito yanu n'kuthira oilo amene opanga ananena ndi kuona kuti sakudontha. Kumbukirani kuti magiya awiri olumana amazungulira mosemphana, pomwe lamba ndi tcheni zimayendetsa mashafti onse mbali imodzi.

Chinthu chimodzi chimagwira pa njira zonsezi, ndipo anyamata a kabaza amachidziwa ndi miyendo yawo. Njinga yokhala ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, mukapalasa kamodzi tayala limazungulira kawiri ndi theka pafupifupi. Pamalo osalala n'zokoma, koma pa mtunda wa ku Masasa, mutanyamula munthu ndi thumba la makala, mumatsika n'kukankha. Mukawonjezera liwiro mumataya mphamvu yokoka, mukatsitsa liwiro mumaipeza. Pule sibereka mphamvu. Mota ya 7.5 kW ikhalabe ya 7.5 kW ngakhale mutaiveka pule yaikulu ngati lichero.

Zotsatirazi zikhazikika pa lamba, poti ndiye ali paliponse, kuyambira m'zigayo za ku Chibavi ndi Zolozolo mpaka pa macheka ocheka matabwa a ku Chikangawa.

Chachitatu, masamu a mapule

Lamulo lake ndi limodzi. Kukula kwa pule ya mota kuchulukitsa ndi liwiro la mota n'chimodzimodzi kukula kwa pule ya chigayo kuchulukitsa ndi liwiro la chigayo. Kukula kwa pule timayeza ndi tepi kuchoka m'mphepete kufika m'mphepete, kudutsa pakati penipeni.

Titenge chigayo changa. Chimafuna pafupifupi 3,200 ndipo pule yake ndi ya mamilimita 125. Mota yoyamba ija inali ya 1,450. Chulukitsani 3,200 ndi 125, mupeza 400,000. Gawani ndi 1,450, mupeza 276. Pule ya 276 sigulitsidwa, yapafupi ndi ya 280. Bwererani chambuyo muone: 1,450 kuchulukitsa ndi 280, kugawa ndi 125, zikupereka 3,248. Lamba amaterereka pang'ono nthawi zonse, gawo limodzi kapena awiri pa 100, ndiye chigayo chikadzaza chimagwera pafupi ndi 3,200 pomwe timafuna paja.

Tsopano onani zomwe ndinachita tsiku lija. Pule yomweyo ya 280 pa mota ya 2,900 imafuna kuzunguza chigayo ka 6,496 pa mphindi. Bambo aja sanandiuze kuti ndibweze mota. Anawerengera pakhoma ndi choko n'kunditumiza kukagula pule ya 140, ndipo 2,900 kuchulukitsa ndi 140 kugawa ndi 125 zinabwerera pa 3,248 pomwe. Anthu amene amasunga injini ya dizilo yodikirira magetsi akathima achitenso masamu omwewa: pa injini ya 2,200, chigayo ngati changachi chimafuna pule ya 180, osati ya 280.

Musachepetse pule mopyola pofuna kuti masamu akwane. Lamba akamapindika pa kapule kakang'ono amatentha n'kung'aluka msanga. Malamba ali ndi zilembo zonena kutambalala kwawo: wa A asapite pa pule yochepera mamilimita 75, wa B yochepera 125, wa C yochepera 200. Ngati kusiyana kwa mapule awiriwo kukufika poti ina ikukula kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa inzake, lamba sagwira mokwanira pa yaing'onoyo. Pamenepo ikani shafti yapakati kuti liwiro lisinthe kawiri, kapena ganizirani giyabokosi.

Chachinayi, gulani lamba woyenera

Lamba amene tikunena ndi uja wa mbali zopendekeka, wopyapyala pansi, wotambalala pamwamba. Anayamba kupangidwa mu 1917 ndi John Gates ku Denver, ku America, ndipo nzeru yake ndi yakuti amagwira ndi nthiti, osati ndi mimba. Akamakokedwa amadzipanikiza m'ngalande ya pule ngati mphero yowazira nkhuni. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Chilembo cholembedwa pamsana pake chimanena kutambalala: A ndi mamilimita 13, B ndi 17, C ndi 22. Chilembo cha lamba chifanane ndi ngalande ya pule. Wa A m'ngalande ya B amamira, wa B m'ngalande ya A amakhala pamwamba n'kumadumpha. Nambala yotsatira chilembo ndi kutalika kwake kwa m'kati, m'mainchesi. Inchesi imodzi ndi mamilimita 25.4.

Ngati lamba wakale akuwerengeka ndipo ankakwana bwino, koperani nambala yake, nkhani yatha. Ngati mukumanga zatsopano, njira yachidule n'kukankhira mota chapafupi ndi chigayo pa njanji zake, kusiya kampata kochepa, kenako kuzunguliza chingwe chosatamuka pansi pa ngalande za mapule onse awiri n'kuchiyeza. Amene amakonda cholembera achite izi: mtunda wa pakati pa mashafti kuchulukitsa ndi 2, kuphatikiza kukula kwa mapule onse awiri pamodzi kuchulukitsa ndi 1.57, kuphatikizanso kanambala kena kakang'ono kobwera chifukwa cha kusiyana kwa mapule. Kanambalako mumakapeza pochulukitsa kusiyanako ndi iko komwe, n'kugawa ndi mtunda uja mutauchulukitsa ndi 4. Kwa ine, pa mapule akale aja a 280 ndi 125, mtunda ndi mamilimita 700, ndiye 1,400 kuphatikiza 636 kuphatikiza 9, zonse pamodzi 2,045. Kumeneku ndi kutalika kodutsa m'kati mwa thupi la lamba, pamene pali ulusi. Pa lamba wa B chotsanipo pafupifupi 43 kuti mupeze kwa m'kati, mutsala ndi 2,002, omwe ndi mainchesi 79. Mukafika m'sitolo munene kuti B79.

Chiwerengero cha malamba chikhale monga mwa ngalande zomwe opanga makina anaika. Changa chili ndi zinayi, ndipo ndimaveka anayi. Ndikudziwa kuti ndalama zikavuta timayendetsa ndi awiri, koma awiriwo amasenza katundu wa anayi ndipo satha mwezi.

Apa pali msampha wina womwe ndinagwamonso. Mmodzi akaduka, musagule mmodzi. Akale aja anatamuka kale, watsopanoyo ndi wamfupi, ndiye katundu yense amagwera iye yekha pomwe anzake akungovina. Sinthani onse tsiku limodzi, a kampani imodzi, nambala imodzi. M'sitolo momwemo akolekeni onse pa dzanja n'kuwakoka pamodzi, muone ngati pali wolendewera kuposa anzake. Apindeninso chakumbuyo. Lamba amene wakhalitsa pa shelefu amaonetsa timing'alu pamimba, ameneyo musiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Akale aja musataye, asungeni pamodzi ngati gulu, adzakupulumutsani tsiku la Sabata masitolo atatseka.

Musanachoke, yang'anani mapule anu akale. Lowetsani lamba watsopano m'ngalande. Msana wake uyenera kulingana ndi mlomo wa pule kapena kutulukira pang'ono. Ngati wamira, ndipo pansi pa ngalande pakunyezimira ngati supuni, ndiye kuti nthiti za pule zinadyeka ndipo lamba akukhala ndi mimba. Pule yotero ngakhale mukunge bwanji idzaterereka basi. Isintheni.

Chachisanu, vekani pule pa shafti

Zimitsani magetsi pa switchi yaikulu, osati pa sitata pokha, ndipo ngati ili ndi pokhomera loko khomani, kiyi m'thumba mwanu. Kuno magetsi amapita n'kubwera osalawira, ndipo mnyamata wa pachigayo akhoza kudina batani inu manja ali m'malamba.

Pule yakale ichotseni ndi chokokera cha miyendo itatu chija. Mapule ambiri ndi a chitsulo chosungunula, chomwe chimasweka ngati mbale mukachimenya ndi hamala, ndipo kumenya kulikonse kumakafika ku maberingi a mota. Pukutani shafti ndi sandipepa wosalala kuti dzimbiri lichoke, poti chinyezi cha Mzuzu sichichedwa kudyetsa chitsulo.

Pakati pa shafti ndi pule pamalowa kachitsulo kamakona anayi kotchedwa kiyi. Ndi kameneka kamene kamanyamula mphamvu yonse. Kalowe mothina, kosagwedera. Ndaonapo anthu akulowetsamo msomali wa mainchesi sikisi wophwanyidwa, ena n'kuwotcherera pule ku shafti. Msomali umakumba ngalande ya shafti mpaka kuiwononga, ndipo pule yowotcherera tsiku lomwe beringi idzafe mudzaidula ndi galainda pamodzi ndi shafti yomwe. Kiyi woyenera amapangidwa mosavuta kwa amisiri a makina osemera zitsulo ku Luwinga, mungotenga shafti kapena miyeso yake.

Ngati pule yanu ndi ya mtundu wa taper lock, yokhala ndi chibushi chong'ambika pakati, musapake girisi pa bushiyo. Mangani timabawuti take mosinthanasinthana, aka pang'ono, ako pang'ono, mpaka tonse titalimba. Kabowo kotsala kopanda bawuti si kolakwika, ndi kochotsera: mukadzafuna kumasula, mudzalowetsa bawuti m'menemo ndipo bushi idzatuluka yokha. Pule ikhale pafupi ndi thupi la mota mmene mungathere. Ikakhala kunsonga kwa shafti, malamba amaikoka ngati munthu wopinda nthambi.

Musanaveke malamba, yatsani mota yokha kamphindi muone mbali yomwe ikuzungulira, muyerekeze ndi muvi wojambulidwa pa chigayo. Ngati ikubwerera chambuyo, mota ya mawaya atatu imatembenuka posinthanitsa mawaya awiri. Imeneyo ndi ntchito ya wamagetsi.

Chachisanu ndi chimodzi, wongolani ndi chingwe

Sitepe iyi ndi yomwe anthu amailumpha, koma ndi imene imapha malamba ambiri. Tengani ulusi wa amisiri omanga nyumba, kapena chitsulo chowongoka bwino. Gwirani ulusi pa nkhope ya pule yaikulu, m'mphepete mwakutali, muukoke modutsa nkhope za mapule onse awiri. Uyenera kukhudza malo anayi nthawi imodzi: m'mphepete muwiri mwa pule yaikulu ndi muwiri mwa yaing'ono.

Ngati ukukhudza yaikulu bwinobwino koma pa yaing'ono pali mpata wofanana mbali zonse, mashafti ali bwino, pule imodzi yangolowa kapena kutuluka kwambiri. Isuntheni pa shafti. Ngati pa yaing'ono ukukhudza mbali imodzi n'kusiya mpata mbali inayo, mota yakhala chopingasa. Masulani mabawuti a miyendo, muitembenuze pang'ono. Yezani kawiri, kamodzi cham'mwamba mwa shafti, kenako cham'munsi, kuti muone ngati mota sinapendekeke. Ikapendekeka, ikani timapepala ta chitsulo pansi pa mwendo wotsika, osati kabodi kapena labala. Pa mtunda ngati wanga wa mamilimita 700, mpata wopitirira mamilimita 3 sindiulola. Chenjerani ndi mapule osiyana kunenepa kwa milomo: chofunika kulunjika ndi ngalande, ndiye ngati mlomo wa ina ndi wonenepa ndi mamilimita awiri, muwerengere awiriwo.

Lamba woyenda mokhota amadziulula yekha. Nthiti imodzi imanyezimira ndi kudyeka kuposa inzake, pansi pamagwa kafumbi kakuda, ndipo nthawi zina amagadabuka m'ngalande n'kumayenda chagada.

Chachisanu ndi chiwiri, kungani

Sendezani mota kufupi kuti malamba alowe ndi manja okha. Kukanula lamba ndi sikuludiraiva kapena chitsulo cha matayala kumadula ulusi wa m'kati, kunja akuoneka wamoyo, n'kudzaduka patapita masiku atatu inu n'kumatukwana wogulitsa. Akalowa onse, bwezani mota chambuyo ndi mabawuti okankhira, mbali zonse mofanana, mukuzunguza pule ndi dzanja kuti malamba akhazikike.

Muyeso wake ndi uwu: pa mita imodzi iliyonse ya lamba amene ali m'malere pakati pa mapule, alowe mamilimita 16 mukamudina pakati. Kwa ine ndi pafupifupi 11. Gonekani chitsulo chowongoka pamsana pa malamba, dinani mmodzi ndi chala chachikulu mwamphamvu ndithu koma osadzipweteka, muyeze mpatawo ndi rula. Opanga malamba amanena mphamvu yeniyeni yodinira ndipo pali kachida koyezera, koma chala chozolowera sichiphonya patali. Dinani aliyense payekha.

Wolefuka amalira poyatsa, amakupiza ngati mbendera, amatentha, ndipo chigayo chimafooka mukathira chimanga. Wothina mopyola salira, n'chifukwa chake anthu amamukonda, koma amadya maberingi mwakachetechete ndipo amatha kuthyola shafti. Kukunga kwabwino ndi kochepetsetsa komwe lamba saterereka chigayo chitadzaza. Mukamaliza mangani miyendo ya mota, n'kubwerezanso ulusi uja, poti pomanga mota imasuntha.

Malamba atsopano amatamuka tsiku loyamba ndi lachiwiri. Yendetsani theka la ola, zimitsani, dinaninso. Mawa lake chitaninso chimodzimodzi. Kenako kamodzi pa sabata n'kokwanira.

M'mawa wa mu June kapena July, nkhungu itakuta tauni yonse, lamba amatha kulira kamphindi poyatsa chifukwa cha chinyezi pa mapule. Akasiya yekha, musamuvute. Chomwe sindivomereza ndi kumuthira zinthu kuti akhale chete, kaya phula, sopo, utomoni, kapena oilo wakuda. Oilo ndi dizilo zimafewetsa labala, zomatazo zimakoka gaga n'kudzaza ngalande. Lamba wolira akupempha kukungidwa kapena pule yatsopano.

Chachisanu ndi chitatu, yesani ndi kutchinga

Magetsi akadali ozima, lembani choko pa mapule onse awiri. Zunguzani ya mota kakhumi, mnzanu akuwerenga ya chigayo. Pa 280 ndi 125 ayenera kupeza 22 ndi kachidutswa. Akapeza zina, penapake mwayeza molakwa.

Ikani chotchingira malamba musanayatse. Cha waya wa masikweya ang'onoang'ono pa felemu ya chitsulo ndi chabwino kuposa cha lata lotseka, chifukwa mpweya umadutsa ndipo mumaona m'kati. Pachigayo pamabwera amayi ovala zitenje, ana pamsana, ena akuwerama kutola chimanga chomwe chatayika. Nsonga ya chitenje ikakodwa pakati pa lamba ndi pule, palibe amene angathamangire switchi n'kuipeza nthawi ikadalipo. Chimodzimodzinso shafti ya kumbuyo kwa thirakitala, ija imazungulira ka 540 pa mphindi poyendetsa makina otongolera chimanga: chipaipi chake cha pulasitiki chikasweka, musaigwiritse ntchito mpaka mutapeza china.

Yatsani chopanda kanthu, mumvetsere. Kenako thirani chimanga pang'onopang'ono. Pakatha theka la ola zimitsani n'kugwira nyumba za maberingi. Kufunda n'kwabwino. Ngati dzanja silingakhalepo ngakhale masekondi ochepa, masulani malamba pang'ono ndipo muonenso ulusi.

Mukasankha tcheni kapena kapulingi

Pa tcheni masamu ndi omwe aja, koma mumawerenga mano m'malo moyeza mamilimita. Sipuloketi, gudumu la mano lomwe tcheni chimakolapo, ya mano 15 ikuyendetsa ya 45, liwiro latsika katatu. Kuwongola ndi ulusi n'chimodzimodzi. Kusiyana kuli pa kukunga: tcheni sichikungidwa ngati lamba, chimafuna kulendewera pang'ono. Pa makina okhala pamalo amodzi, mbali yolefuka ilendewere pafupifupi mamilimita 20 pa mita imodzi ya mtunda wa mashafti. Pa njinga yamoto tsatirani zolembedwa pa chitsulo chogwira tayala lakumbuyo, zambiri zimakhala pakati pa mamilimita 20 ndi 30.

Anthu amati tcheni chatamuka, koma zoona zake n'zakuti timapini ta m'kati tadyeka. Kuti mudziwe, chikokeni chiwongoke n'kuyeza. Tcheni cha 428, chofala pa njinga zamoto za kabaza, mfundo iliyonse ndi mamilimita 12.7, ndiye mfundo 24 zatsopano ndi 305. Zikafika 311 pa njinga yamoto yambani kufunafuna china, ndipo 314 ndi malire ngakhale pa makina oyenda pang'onopang'ono. Njira ya msanga ndi kuchikoka kumbuyo kwa sipuloketi yaikulu: chikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, chatha. Kuchotsa mfundo imodzi kuti chifupike sikuchiza kanthu. Mano akasongoka n'kupindika ngati minga ya kankhande, gulani tcheni ndi masipuloketi onse awiri limodzi, apo ayi chatsopanocho chidyeka mwezi womwewo. Kakilipi kotsekera mfundo yolumikizira kalowe mutu wake wotseka utayang'ana komwe tcheni chikupita. Oilo mudonthezere m'kati, mbali yokhudza mano, kuti alowe m'mapini, ndipo m'dzinja la kuno, matope ali paliponse, muchite zimenezi pafupipafupi.

Kapulingi yofala ndi ija ya zibwano ziwiri zolumana, pakati pali labala wooneka ngati nyenyezi. Labalayo amameza kugwedezeka ndi kuphonya kochepa kwambiri, koma si chilolezo chomangira mwaulesi. Gonekani rula yachitsulo pa zibwano zonse ziwiri, pamwamba, pansi, kumanja ndi kumanzere. Igone mosasiya kuwala paliponse. Mpata wa pakati pa zibwanozo ukhalenso wofanana kuzungulira konse, ndipo zisagundane chitsulo ndi chitsulo. Mukaona zinyenyeswa za labala pansi pa kapulingi, mashafti saali pa mzere umodzi, ndipo kusintha labala kokha kungokugulirani masabata ochepa. Wongolani mota ndi timapepala tachitsulo tija, pampu muisiye pomwe ili chifukwa yagwidwa ndi mapaipi.

Zonse zikatheka, tengani penti mulembe pakhoma pafupi ndi switchi, pamene aliyense angaone. Pakhoma langa palembedwa kuti mota 15 kW 2,900, pule 140 ndi 125, kenako nambala ya malamba omwe ndinagula nditasintha pule, chiwerengero chake, nambala za maberingi, ndi tsiku lomwe ndinaveka malambawo. Malamba osungira ndimawakoleka pa chipaipi chonenepa m'chipinda chamdima, kutali ndi zigubu za dizilo, osati pa msomali, chifukwa msomali umawasiyira chipsera pomwe apindikira.